Kompyuta ndi Malipiro Anu: Mau kwa Olemba Mapulogalamu

Usiku uno ndifuna kukamba nanu za kapepala kaja kamene wanchito aliyense amakayembekeza mwezi ukamatha, ndiko kapepala ka malipiro. Akuluakulu amene anagwira nchito masiku a mapaundi ndi masheleni akumbukira kuti kapepalako kanali kulembedwa ndi kalaliki, munthu wokhala ndi dzina ndi nkhope. Akalakwitsa, munali kupita pa zenera lace ndi kukangana naye kufikira atakonza. Lero mukadandaula amakuyankhani kuti, "Ndi kompyuta yatero." Mau amenewa ali ndi bodza pang'ono. Kuseri kwa kompyuta kuli munthu, kapena ndiye mwana wanu yemwe munamphunzitsa ndi thukuta la pansi pa mgodi, amene analemba malamulo akuti makinawo atsate. Malamulowo ndiwo achedwa pulogalamu. Tsono nkhani yanga ipita kwa anyamata ndi atsikana amene ayamba nchito yolemba mapulogalamu. Koma inu makolo musatseke wailesi, pakuti ndalama zimene tidzawerenga pano ndi zanu.

Coyamba tidziwe khalidwe la wanchito ameneyu. Kompyuta siitopa, siigona, siinyoza lamulo, koma ilibe nzeru ya kufunsa. Mukatuma mwana kukatunga madzi ndi cidebe cobooka, adzabwera kudzakuuzani kuti cidebe cili kudontha. Kompyuta idzatunga tsiku lathunthu ndi cidebe comweco osanena kanthu. Mabvuto ambiri a wolemba mapulogalamu ndi timabowo totere, tating'ono kwambiri, timene tioneka pokhapokha madzi atatha.

Tiyambe ndi ndalama, popeza ndizo zikanganitsa anthu. Wophunzira amene ali ndi cinenero ca makompyuta cochedwa Python, kapena cina cochedwa JavaScript, auze makina ace kuti aphatikize 0.1 ndi 0.2. Mwana wa ku pulaimale adzayankha kuti 0.3. Kompyuta idzayankha kuti 0.30000000000000004. Makinawo sanafe iai, ndipo cifukwa cace ndi ici. Ife tiwerenga ndi makumi, popeza tili ndi zala khumi. Kompyuta iwerenga ndi ziwiriziwiri, pakuti m'kati mwace muli timasiwichi tambirimbiri timene tidziwa zinthu ziwiri zokha, kuyaka ndi kuzima. M'kawerengedwe kathu ka makumi muli zigawo zina zosalembeka n'kutha: gawani 1 patatu, mudzalemba 0.3333 kufikira pepala litadzala, osafika kumapeto. Momwemonso m'kawerengedwe ka ziwiriziwiri 0.1 salembeka n'kutha. Kompyuta imdula mcira pamene malo ace athera, ndipo kulakwa kocepako kuonekera pophatikiza. Lamulo la kasungidwe kameneka, lochedwa IEEE 754, linakhazikitsidwa m'caka ca 1985, ndipo pafupifupi makompyuta onse ndi mafoni a m'matumba mwanu alitsata.

Mudzati, nanga kanthu kakang'ono cotero kapweteka yani? Taganizani za munthu amene abweza ngongole pang'onopang'ono, ndipo pulogalamu ifunsa mwezi uliwonse kuti, "Kodi zimene wabweza zalingana ndi zimene anakongola?" Kwa kompyuta, 0.30000000000000004 ndi 0.3 sizilingana. Ngati wolemba pulogalamu analamula kuti kudula malipiro kuleke pokhapo ziwerengero ziwirizo zitalingana ndendende, munthu uja adzadulidwanso mwezi wamawa, ngongole itatha kale.

Mankhwala ace ndi apafupi. Musasunge ndalama m'makwacha okhala ndi kadontho. Zisungeni m'mangwee, ziwerengero zathunthu, pakuti pa ziwerengero zathunthu kompyuta siiphonya. Tiyerekeze kuti munthu alandira K18.35 pa ola. M'pulogalamu mulembe 1835. Maola 8 adzapatsa 14680, ndipo kadontho mukabwezere pa nthawi yosindikiza kapepala pokha, kuti mwini wace awerenge K146.80. Inde, kakobiri ka ngwee imodzi sitikagwira m'manja masiku ano, koma m'mabuku a ndalama ngweeyo ilimo ndithu. Amene safuna kuwerenga m'mangwee agwiritse nchito cipangizo cimene m'Python cichedwa Decimal, cimene cinapangidwira kuwerenga ndi makumi monga anthu. Zonse ziwiri ndi zabwino. Coipa ndi kusakaniza, apa makwacha, apo mangwee, m'pulogalamu imodzi.

Komatu ngakhale muwerenge m'mangwee, kugawa kudzakupezani. Tiyerekezenso kuti pangano la nchito linena kuti ola la ovataimu lilipidwa kamodzi ndi theka. Kwa munthu wathu wa 1835 uja, ola limodzi lotere ndi ngwee 2752 ndi theka. Theka la ngwee kulibe. Wolemba wina adzataya thekalo pomwepo, naculukitsa 2752 ndi maola 10, napeza 27520. Wina adzayamba waculukitsa zonse, 1835 ndi 10 ndi 3, napeza 55050, ndipo adzagawa pawiri potsiriza, napeza 27525. Onse awiri ayesa kuti acita bwino, koma woyambayo wadyera munthu ngwee 5. Pa mgodi wa anthu 4,000, onse atagwira maola omwewo, zimenezo ndi K200 mwezi umodzi, zotayika popanda wakuba. Cotero culukitsani poyamba, gawani potsiriza, ndipo theka mulikonze kamodzi kokha, pa mapeto peni peni.

Ndipo pokonza thekalo musakhulupirire kuti zipangizo zonse zigwirizana. Mukapatsa Excel ciwerengero 2752.5 kuti acisandutse cathunthu ndi lamulo lace la ROUND, adzakweza, nanena 2753. Mukapatsa Python ciwerengero comweco ndi lamulo lace la round, adzanena 2752, pakuti iye theka likakhala pakati peni peni amapita ku ciwerengero cimene cigawika pawiri, cotero 2.5 amsandutsa 2, koma 3.5 amsandutsa 4. Apa kalaliki wa Excel ndi mnyamata wa Python angathe kutukwanana masana onse, pamene palibe wolakwa masamu. Lamulo la theka si la wolemba pulogalamu kusankha yekha. Apite kwa akulu a za ndalama, afunse, ndipo yankho lilembedwe pa pepala. Safunsa anadya phula.

Kuti musayese kuti ndikuopsezani cabe, imvani zimene zinacitika ku Canada. M'mwezi wa January 1982 msika wa masheya wa mu mzinda wa Vancouver unayambitsa ciwerengero coonetsa kukwera ndi kutsika kwa malonda, ndipo cinayambira pa 1000. Kompyuta inali kuciwerenganso kambirimbiri tsiku lililonse, ndipo nthawi iliyonse inali kudula manambala onse opitirira atatu a kuseri kwa kadontho ndi kuwataya. Pofika November 1983 ciwerengeroco cinali pa 524.811, pamene malonda sanagwe cotero. Atawerenganso bwino anapeza kuti ciyenera kukhala 1098.892. Theka lonse linapita m'tizidutswa tosaoneka ndi maso. Akulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo mau amenewo agwira pa kutaya monga agwira pa kutola.

Cinanso ca ndalama ndi ici: mtengo uliwonse muulembe pa malo amodzi okha, ndipo muupatse dzina. Ngati 1835 mwamlemba m'malo khumi ndi awiri, tsiku limene malipiro adzakwera mudzakonza khumi ndi amodzi ndi kuiwala amodzi. M'dziko muno tiyenera kudziwa bwino kuti ziwerengero sizikhalitsa. M'caka ca 1968 Kwacha inalowa m'malo mwa paundi, Kwacha imodzi kulingana ndi masheleni khumi. Pa 1 January 2013 maziro atatu anacotsedwa, K1,000 yakale nisanduka K1 yatsopano, ndipo cizindikiro ca ndalama yathu m'mabanki cinasintha kucokera ku ZMK kukhala ZMW. Msonkho nao usintha kawirikawiri Boma likawerenga bajeti. Lembani ngati munthu wodziwa kuti mawa adzatumidwa kusintha.

Tsopano tifike pa nthawi, ndipo apa inu a shifiti ya usiku cherani khutu. Wophunzira afuna kudziwa maola amene munthu wagwira, ndipo alemba cinthu coonekeratu: nthawi yotuluka, kucotsapo nthawi yolowa. Wolowa pa 6 m'mawa natuluka pa 14, ndiye 2 koloko masana, wagwira maola 8, zayenda bwino. Nanga wolowa pa 22, ndiye 10 koloko usiku, natuluka pa 6 m'mawa? Kompyuta idzacotsa 22 pa 6 ndi kunena kuti munthuyo wagwira maola 16 a pansi pa ziro, ndiye kuti iye ndiye ali ndi ngongole kwa kampani, atacezera usiku wonse pansi pa nthaka. Kakonzedwe kace ndi mzere umodzi, ndipo amene muwerenga nkhani iyi m'magazini muuona pansipa:

maola = (kutuluka - kulowa + 24) % 24

Cizindikiro ca % citanthauza cotsala mutagawa. Wa usiku uja: 6 kucotsa 22 kuonjeza 24 ndi 8, gawani 8 ndi 24, cotsala ndi 8. Wa masana: 14 kucotsa 6 kuonjeza 24 ndi 32, gawani ndi 24, cotsala ndi 8. Mwina mnzanu adzakuuzani kuti kuonjeza 24 kuja ndi kosafunika, pakuti m'Python yankho lituluka bwino ngakhale osaonjeza. Anena zoona, koma m'Python mokha. M'zinenero za C, Java ndi JavaScript mudzapezanso 16 wa pansi pa ziro uja. Onjezani 24, sakudyerani kanthu. Ndipo popeza anthu salowa pa ola leni leni, werengani m'mamineti, ndipo m'malo mwa 24 mulembe 1440.

Koma ndikucenjezeni kuti mzere umenewu uli ndi polekezera pace. Munthu akakhala pa nchito maola 24 athunthu, monga zingacitikire gulu lopulumutsa anthu pa tsiku la ngozi, udzanena kuti wagwira maola 0. Njira yokhazikika ndiyo kusunga tsiku pamodzi ndi nthawi, polowa ndi potuluka pomwe, ndi kusiyira zipangizo za masiku zimene cinenero ciliconse cili nazo kuti zicotsere. Pamenepo padzabuka mafunso ena amene masamu sayankha. Munthu walowa pa 23 October usiku, natuluka m'mawa wa 24 October, tsiku la ufulu wa dziko lathu. Maola ace awiri ali m'tsiku wamba, asanu ndi limodzi ali m'tsiku la holide. Alipidwe bwanji? Nanga wolowa usiku wa tsiku lotsiriza la mwezi, shifiti yace igwera mwezi uti? Mayankho ace ali m'pangano la pakati pa kampani ndi bungwe la anchito, ndipo wolemba pulogalamu akawatenge kumeneko. Akumbukirenso kuti makompyuta akuluakulu ambiri amene asunga zinthu zathu kunja kwa dziko ayendera nthawi yochedwa UTC, imene itsalira maola awiri pambuyo pa nthawi yathu. Pamene ku Kitwe ili 1 koloko usiku wa Lolemba kuca Laciwiri, kwa makina otere ikali 11 koloko ya Lolemba.

Masiku nao ali ndi misampha. Mukaona 03/04/2025, kwa ife ndi pa 3 April, koma kwa anthu a ku America ndi pa 4 March, ndipo mapulogalamu ambiri anacokera kumeneko. Lembani caka poyamba, kenaka mwezi, kenaka tsiku, motere: 2025-04-03. Kalembedwe kameneka, ka lamulo la ISO 8601, kali ndi ubwino winanso wakuti masiku olembedwa cotero adzindandalika okha m'dongosolo lace. Za February wa masiku 29 ambiri adziwa theka la lamulo lokha, lakuti caka cigawike ndi 4. Lamulo lonse liti caka cogawika ndi 100 sicilowa, pokhapo cigawikenso ndi 400. Cotero 2000 cinali ndi 29 February, koma 1900 cinalibe, ndipo 2100 cidzakhala copanda. Excel kufikira lero abvomera tsiku la 29 February 1900, limene silinakhaleko, cifukwa anatsanzira dala colakwa ca pulogalamu yakale ya Lotus 1-2-3. Pa 31 December 2008 tizipangizo toimba nyimbo twa Zune twa kampani ya Microsoft tinauma tsiku lathunthu, popeza pulogalamu yace inasokonezeka ndi tsiku la 366. Ndipo cenjerani ndi kaciwerengero ka chuti: wopita pa 3 kufikira pa 10, masiku onse awiriwo akuwerengedwa, wapuma masiku 8, ngakhale 10 kucotsa 3 ndi 7.

Pali manambala ena amene si ziwerengero konse. Nambala ya foni, nambala ya pa mgodi, nambala ya citupa ca NRC cimene ambiri acicha reji, zonsezi ndi maina olembedwa ndi manambala. Mayeso ace ndi awa: kodi pali tsiku limene mudzaphatikiza manambala awiri a foni? Ngati palibe, asungeni monga mau. Mukalemba nambala ya foni yoyamba ndi 097 m'Excel osamuuza kuti ndi mau, adzameza ziro woyambayo. Mukalemba nambala yaitali ya manambala 16, monga ya khadi la ku banki, adzasunga 15 oyamba ndi kusandutsa wotsiriza ziro, osakuuzani. Ngakhale akatswiri a sayansi anagonja: m'caka ca 2020 anasintha maina a majini ena a m'thupi la munthu, monga SEPT1 ndi MARCH1, cifukwa Excel anali kuwasandutsa masiku a pa kalendala.

Maina eni eni a anthu ndiwo andifika pamtima kopambana, pakuti pano msampha wace uli pakhomo pathu. Tili ndi a Ng'andu, a Ng'ambi, a Ng'oma, maina okhala ndi kampatuko kaja ka pamwamba. Tsono m'cinenero ca SQL, cimene tifunsira nkhokwe za m'kompyuta zochedwa database, kacizindikiro komweko ndiko katsegula ndi kutseka mau. Wophunzira amamanga funso lace polumikiza zidutswa, motere:

"SELECT * FROM anchito WHERE dzina = '" + dzina + "'"

Kwa a Banda ndi a Tembo ziyenda bwino miyezi yambiri. Tsiku lofika a Ng'andu, kompyuta iwerenga Ng, niona kampatuko, niyesa kuti dzina lathera pomwepo, ndipo andu wotsalayo imuyesa lamulo losadziwika. Pulogalamu yonse nigwa. Ndinaonapo pa ofesi ina akonza bvuto limeneli mwa kufafaniza kampatuko m'maina onse, ndipo ndinaipidwa nazo, pakuti dzina la munthu anampatsa ndi makolo ace, si la kalaliki kulidula kuti makina akondwe. Ndiponso kakonzedwe kotere kasiya khomo lotseguka. Ngati kampatuko ka m'dzina kangathe kusokoneza funso mwangozi, mbala ingathe kulemba dala malamulo ace pa malo a dzina, ndipo nkhokwe idzawamvera. Umu ndi mmene m'mwezi wa October 2015 mbala zinatengera mbiri za makasitomala oposa 150,000 a kampani ya mafoni ya TalkTalk ku Britain, ndipo caka cotsatira kampaniyo inalipitsidwa mapaundi 400,000. Njira yoyenera ndi iyi:

cur.execute("SELECT * FROM anchito WHERE dzina = ?", (dzina,))

Funso lipita palokha, dzina lipita palokha, ndipo nkhokwe idziwa kuti ciliconse colowa pa malo a cizindikiro cofunsira ndi dzina cabe, ngakhale cioneke ngati lamulo. Komabe polipira anthu musawasake ndi dzina. A Phiri pa mgodi umodzi angadzaze basi. Sakani ndi nambala ya nchito.

Za miyeso ndinena mwacidule. M'mwezi wa September 1999 combo ca NASA cochedwa Mars Climate Orbiter cinatayika cikufika ku Mars, cifukwa pulogalamu ina inali kupereka ziwerengero za mphamvu m'miyeso ya mapaundi, pamene yolandira inali kuyesa kuti zili m'miyeso ya metiriki. Kuno kwathu mapu akale a migodi analembedwa m'mafiti, atsopano ali m'mamita, ndipo fiti limodzi ndi mamita 0.3048. Musache ciwerengero canu kuya pokha. Cicheni kuya_mamita, kuti wobwera pambuyo panu asaganizire.

Inu a pansi pa mgodi muli ndi mwambo umene ndifuna olemba mapulogalamu onse aubwereke. Munthu asanatsike m'cikepe alembedwa natenga nyale yace, ndipo potuluka aibweza. Nyale imodzi ikasowa pa malo ace, onse adziwa kuti pali munthu amene sanakwere. Citani comweco ndi mizere ya m'mafailo anu. Werengani yolowa, werengani yotuluka, ndipo zikasiyana pulogalamu iime ndi kukuwa. Ku England m'caka ca 2020, pa nthawi ya mliri wa Covid-19, anthu 15,841 opezeka ndi matendawo pakati pa 25 September ndi 2 October sanalowe m'ciwerengero ca Boma pa nthawi yace, ndipo anthu amene anakhudzana nao anacedwa kucenjezedwa. Cifukwa cace cinali cakuti zotsatira za mayeso zinali kuikidwa m'failo la Excel la mtundu wakale wa XLS, limene silitenga mizere yoposa 65,536. Litadzala, mizere yotsala inangogwa panja mwakacetecete. Pulogalamu yokuwa msanga imacititsa manyazi tsiku limodzi, koma ine ndisankha yomweyo nthawi zonse.

Nanga colakwa cikapezeka, ticisaka bwanji? Angerezi amacha colakwa ca m'pulogalamu ndi dzina la kacirombo, ndipo mauwo ndi akale kuposa makompyuta; koma pa 9 September 1947 anchito a makina a Mark II a pa Harvard anapezadi kagulugufe ka usiku katapanikizika m'siwichi, nakamata m'buku lao la nchito, limene lisungidwa ku Smithsonian mu Washington. Masiku ano kacirombo simudzakaona ndi maso, cotero yambani ndi kuwerenga uthenga umene kompyuta yalemba pogwa. Ophunzira ambiri amauthawa ngati kalata ya ku khoti. M'Python yambirani pa mzere wotsiriza, umene uchula mtundu wa colakwa, ndipo pamwamba pace mudzapeza dzina la failo ndi nambala ya mzere umene wapunthwa.

Uthenga ukapanda kuthandiza, citani monga wa magetsi posaka pamene cingwe caduka. Iye sayesa mita iliyonse. Ayesa pakati, nadziwa mbali imene ili ndi bvuto, nayesanso pakati pa mbaliyo. Muli ndi failo la anthu 1,000 ndipo mmodzi wa iwo agwetsa pulogalamu? Dulani failolo pakati, yesani theka limodzi, ndipo theka lolakwalo mulidulenso. Kudula khumi kokha kudzakufikitsani pa munthu mmodzi, pakuti 2 woculukitsidwa ndi iye mwini kakhumi ndi 1,024. Posaka sinthani cinthu cimodzi pa nthawi imodzi. Mukasintha zitatu ndipo zayenda, simudziwa cimene cacita. Zikakanika, itanani munthu aliyense, ngakhale ambuye anu amene sanagwirepo kompyuta, ndi kuwafotokozera mzere ndi mzere cimene pulogalamu iyenera kucita. Kawirikawiri mudzaima pakati pa mau anu, mutaona nokha pamene munaphonya. Mutakonza, tengani pensulo, muwerenge ndi manja malipiro a anthu asanu osankhidwa dala: wa usiku, wa holide, wa chuti, wa kampatuko m'dzina, ndi amene sanagwire nchito mwezi wonse. Mayankho asanuwo alembeni m'pulogalamu ina yaing'ono yoyesera, ndipo muziiyendetsa nthawi iliyonse mukasintha kanthu.

Catsala ndi magetsi. Tonse tikumbukira caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi m'Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku ndi tsiku. Pulogalamu ikamalemba pamwamba pa failo lakale ndipo magetsi azima pakati, mutaya zonse ziwiri: lakale lafafanizika, latsopano silinathe. Lembani failo latsopano ndi dzina lina, ndipo likatha lonse mulisinthe dzina kuti lilowe m'malo mwa lakale; m'Python lamulo lace ndi os.replace. Magetsi akazima musanafike pamenepo, failo lakale likalipo lamphumphu. Zolemba za pulogalamu yeniyeniyo zisungeni ndi Git, cipangizo cimene Linus Torvalds anapanga m'caka ca 2005, cimene cikumbukira kusintha kulikonse ndi kukulolani kubwerera ku dzulo.

Nkhokwe ya maina ndi ndalama muziikopera kwina, kunja kwa nyumba imene makinawo ali, ndipo kopeyo muziiyesa. Pa 31 January 2017 katswiri wina wa kampani ya GitLab, alikugwira nchito usiku, anapereka lamulo lofafaniza pa kompyuta yolakwika. Pamene anazindikira, pafupifupi magigabaiti 300 anali atapita. Kampaniyo inali ndi njira zisanu zosungira makope, koma pa tsikulo zinapezeka zina zosagwira nchito, zina zosachedwa bwino. Anapulumuka ndi kope imene inajambulidwa maola asanu ndi limodzi m'mbuyo, ndipo zina za maola amenewo sizinabwererenso. Cotero kamodzi pa mwezi tengani kope yanu, muitsegule pa kompyuta ina, ndipo muone ngati a Ng'andu alimo ndi ngwee zao zonse.

Nthawi yanga yatha. Gonani bwino abale anga. Ndipo inu amene muli kunyamula zipewa zanu kupita ku shifiti ya usiku, mutsike bwino ndi kukwera bwino.